Dothi la m'Botolo ndi Makina a Mayi Anga

Salaam aleikum kwa inu mwachokera kumzikiti, mtendere kwa inu a tchalitchi, ndi moni wapadera kwa amene mwangobwerera tiyi. A Mbewe, khalani pansi, musatuluke. Nkhaniyi mulimo.

Ine ndine Rajabu, kwathu ndi ku Ntaja, zaka makumi awiri sindinakwanitse. Amalume anga Che Twaibu, awo akhala pakhomo ngati sakundidziwawo, ndi amene andilamula kuti Lachisanu lino ndiime pamaso pa Amalawi anzanga ndinene za juga ya mahatchi, kuti amene alowa kale ndi amene akungosuzumira amve. Awonjezanso kuti ndipepese. Za jugazo ndinena zonse osabisa. Zopepesazo musayembekezere kwambiri, chifukwa ine mkwiyo sunathe.

Kusukulu anandichotsa ndili Fomu 3. Mlandu wake unali chitedze chimene chinapezeka pamipando ya aphunzitsi tsiku la msonkhano wa makolo. Mpaka lero sindinaonepo munthu wa tayi akuvina ngati mmene anavinira a hedi tsiku limenelo. Mayi anga analira, amalume n'kundifunira viza kuti mwina dzuwa la Dubai lindiwongola. Iwo ndi dalaivala panyumba ina ku Al Warqa. Ine anandipezera ntchito pabwalo la mpikisano wa mahatchi, m'gulu losamalira nthaka.

Bwalolo lili ndi njira ziwiri, ya udzu ndi ya mchenga, ndipo mahatchi ake sadumpha kanthu, amangothamanga basi. Ife timakoka mapaipi, kukwirira maenje amene ziboda zakumba paudzu, kutola miyala pamchenga, folomani ali "yalla, yalla" m'khutu kutifulumizitsa. Pabwalo pomwepo palibe kubetcha, lamulo la dziko lino mukulidziwa. Kubetcha kunali kukampu kwathu, m'chipinda cha a Chikopa, wamkulu wa alonda a kampani, amene tonse timawatcha a Habibi chifukwa ndilo liwu, loti wokondedwa wanga, limene amakulonjera nalo asanakudye. Lero sanabwere. Ndinawaitana ndekha, koma akuti mutu ukuwapweteka.

Anandipeza m'basi ndikuwerenga nyuzipepala ya Chingerezi imene ndinatola m'bini ya kubwalo.

"Habibi, umamva zimenezo?"

"Ndinafika Fomu 3, bwana."

"Ndiye ukungothera nzeru pa paipi? Bwera Lachinayi masana, uzidzawerengera anzako. Tiyi ndi wanga."

Lachinayi madzulo ndi pamene mahatchi amathamanga, ndiye masana ake chipinda chija chinkadzaza. Ine ndinkakhala pabedi lam'mwamba ngati shehe, nyuzi m'manja, n'kumamasulira. Musaganize kuti ndinkanama zonse. Zinthuzo ndinaziphunzira bwino kuposa masamu. Pambali pa dzina la hatchi pamakhala timanambala tosonyeza malo amene yakhala ikumalizira m'mipikisano yapitayo. Mbuli imangoona mawani atandondozana n'kutulutsa ndalama. Wanzeru amafunsa kaye. Inawina pamtunda wotalika bwanji? Inasenza katundu wolemera bwanji, nanga lero ayiwonjezera? Inathamangira paudzu kapena pamchenga? Ikutulukira khomo loyandikana ndi mpanda wam'kati, kapena lakunja kumene iyenera kuzungulira ngati basi ya ku Sharjah? Imakonda kutsogola, kapena imabisala pambuyo n'kudzatulukira kumapeto? Yapuma, kapena ayithamangitsa mpaka nthiti kuonekera?

Zonsezo anthu ankamvera akuyasamula. Chimene chinkawadzutsa ndi nthaka. Ife Amalawi, ngakhale utiveke yunifomu n'kutiimika pakhomo la hotela ya magalasi okhaokha, m'kati ndife alimi. A Mbewe awa, amene amakolopa kuhotela koma kwawo ku Mchinji ankalima fodya, ndi amene anayambitsa.

"Mwana iwe, pepalalo ndi la azungu. Bweretsa dothi lenilenilo tiligwire tokha."

Ndiye Lachinayi lililonse ndinkabwera ndi mchenga wa pabwalo m'botolo la madzi. Ankaukhuthulira m'mbale, mbale n'kumazungulira. Wina kuufinya, wina kuufikisa pazala, a Mbewe kuununkhiza maso atatseka, kenako n'kugamula: "Lero n'ngouma, pafunika hatchi yopepuka." Poyamba ndinkabweretsadi wa pabwalo. Tsiku lina ndinaiwala, n'kungotapa pamulu wa anthu omanga nyumba kuseri kwa kampu. A Mbewe ananunkhiza n'kunena kuti akumva kamkodzo ka hatchi chapatali. Abale anga, mtima wanga unakoma ngati tsiku la chitedze lija. Kuyambira pamenepo pabwalo sindinatapenso. Ndinabweretsapo wa m'ndowa yozimitsira moto, wa pansi pa kanjedza, wa pamalo pomwe ngamila inagona. Uliwonse unalandira chigamulo chake.

Pamenepo sindipepesa. Munthu wa zidzukulu kununkhiza mchenga womangira nyumba n'kumvamo hatchi, mlandu si wa wonyamula botolo.

Kugwa kwanga sikunali kumeneko. Ndinagwa pamene ndinayamba kuganiza kuti popeza ndikuwapusitsa a Mbewe, ndiwapusitsanso a Habibi. Ndinaponya kangachepe, ndinawina, ndinagula nsapato zoyera. Ndinaponyanso, ndinawina, ndinagula foni ya m'manja. Kenako hatchi yanga ina inachedwa kutuluka pakhomo. Ina inapitiriridwa ndi mphuno chabe. Ina joki wake, wokwerayo, anangogona pamsana. Nsapato zinapita, foni inapita, malipiro ankathera m'chipinda chija asanafunde m'thumba. Ndinasiya kuimbira mayi chifukwa mtengo wa khadi ya foni unali kubetcha kwa mpikisano umodzi. Ndinkadya buledi wa khubuzi wouma ndi tiyi wopempha. Lachisanu ndili pamzere wa swala, milomo ikupemphera, mutu uli pa makomo otulukira mahatchi. Ndipo a Habibi sankabweza munthu. Ukapanda ndalama ankalandira pinyolo: mawotchi, mawayilesi, mafoni, mphete zogulira akazi kumudzi, zonse pansi pa bedi ndi pamwamba pa kabati.

Inu akuluakulu munkaona. Munkaona mwana wa mnzanu akuvula nsapato n'kutuluka ndi patapata, wina osatsokomola n'komwe. Munkangofunsa kuti botolo lafika. Ndiye lero musandiyang'ane ngati ndine ndekha ndinadetsa chipindacho.

Tsopano mumve za makina. Nthawi imeneyo mayi anga anali telala wopanda makina. Moyo wawo wonse akhala akusokera pakhonde la sitolo ya munthu, pa makina a mwini sitoloyo, phindu n'kumagawana. Amalume chifikireni kuno ankadzimana kuti agulire mlongo wawo makina akeake. Anagula, akuda bii, amaluwa agolide m'mbali. Anawaika m'katoni yaikulu ya kago pamodzi ndi mabulangete ndi nsalu, m'kachipinda kawo kuseri kwa nyumba ya abwana awo. Katoniyo inali yoti inyamuka Loweruka. Mayi anali atauzidwa kale, ndipo iwo anali atauza Ntaja yense.

Lachitatu ndinapita ku Al Warqa nthawi imene amalume amakhala atapita kukatenga ana a bwana kusukulu. Ndinamatula tepi mosamala, ndinatulutsa makina, m'malo mwake ndinaikamo buloko ya simenti yokulunga m'bulangete, n'kumatanso. Kulemera kwake ndendende. Ntchito yaukhondo, akanachita wina ndikanamuombera m'manja. M'mutu mwanga sikunali kuba. Ndinkati ndipinyolitsa Lachinayi, ndiwina, ndiwombola zanga zonse, Lachisanu makina abwerera m'katoni munthu osadziwa.

Tsiku lomwelo kunagwa mvula. Mukuikumbukira, ija inadzaza misewu, eni dziko n'kutuluka ndi magalimoto kukaisewera ngati ana. Lachinayi m'mawa ndinafika pabwalo n'kuona chinthu chimene inu a kukampu simunaone. Kwathu mvula ikagwa munda umasanduka phala, phazi limatitimira mpaka m'kakolo. Pano ayi. Mitambo itangoyamba kuda, mathalakitala anamasula zipeso zachitsulo zimene amapalasira mchenga masiku onse, anamangirira zitsulo zafulati zolemera, n'kuutsendera mchenga wonse mpaka kusalala ngati nyumba yozira. Madzi sanalowe pansi, anangoyenderera kumbali. Ndinayendapo ndi mapazi angawa. Pamwamba panali timatope tochepa, pansi pake polimba gwa ngati msewu wa tala. Panthaka yotere hatchi imene yatsogola sigwidwa. Imangouluka, n'kumaponyera matope kumaso kwa zam'mbuyo.

Mumpikisano waukulu wa pamchenga munali mahatchi awiri amene ndinkawayang'ana. Maina awo ankatilumitsa lilime, ndiye tinkawapatsa athu. Yoyamba inali yotuwa, yaikulu, yochokera ku Mangalande, tinkati Phulusa. Pepala la Phulusa linali lokongola, mawani okhaokha, nyuzi n'kulembanso kuti amakonda nthaka yonyowa. Koma kunyowa kwake kunali kwa paudzu. Pamchenga anali asanapikisanepo, matope kumaso anali asanawalawe, ndipo khalidwe lake linali lobisala pambuyo. Inayo inali yaing'ono, yofiirira, tinkati Kanyimbi. Pepala lake linali lonyansa chifukwa ankamuthamangitsa mitunda yaitali n'kumatopa kumapeto. Koma tsiku limenelo mtunda unali waufupi, khomo lake loyandikana ndi mpanda wam'kati, katundu wopepuka, ndipo iye khomo likangotseguka amaphulika.

A Habibi amadula okha mitengo ya kubetcha. Anthu akaunjikana pa hatchi imodzi, pa zinazo amalonjeza zambiri kuti akope ena. Ndiye ine ndinafuna kuti kampu yonse iunjikane pa Phulusa. Botolo la tsiku limenelo ndinakalidzaza kuseri kwa khitchini, pomwe amatayira madzi otsukira mapoto, matope akuda onanda.

A Mbewe anapisa chala, chinatitimira chonse. Ananunkhiza.

"Dambo ili, abale anga. Apa pafunika ng'ombe ya hatchi. Kanyimbiko katitimira ngati njinga m'dimba."

"Nyuzi nayonso ikuti Phulusa amakonda madzi," ndinatero ine, nkhope ili phee.

Chipinda chonse chinakhuthulira pa Phulusa. Anthu atatuluka ndinakoka chikwama changa n'kutsegula. A Habibi anawasisita makina aja ngati akusisita khanda.

"Pa Phulusa, habibi?"

"Pa Kanyimbi. Akawina mundibwezera makinawa, foni, nsapato, ndi chapamwamba."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Khalas, tagwirizana." Tinagwirana chanza.

Dzuwa litangolowa ndinali pampanda ndi fosholo yanga. Makomo anatseguka, Kanyimbi anatuluka ngati amuthira chitedze. Anagwira mpanda wam'kati osauperekanso. Phulusa pambuyo anakumana ndi mvula ya matope, anakweza mutu m'mwamba ngati munthu wothawa utsi, ndipo pofika pakona anali atasiya kale zothamanga. Anafika pamzere ali wakuda, joki wake akulavula. Kanyimbi anawina chikwapu osachilawa. Ndinakuwa mpaka folomani anandigenda ndi chipewa.

Apa ndiye mutchere khutu, inu amene mumaganiza kuti vuto lanu ndi kusadziwa kuwerenga pepala. Ine pepala ndinaliwerenga bwino. Nthaka ndinaiponda ndekha. Sindinalakwitse ngakhale pamodzi.

Lachisanu m'mawa ndinagogoda kwa a Habibi. Ndinawapeza akusita yunifomu. Makina a mayi anga anali pakona, atawaphimba ndi thaulo, pamwamba pake atasanjikapo ketulo ya tiyi.

"Ndabwera kudzatenga katundu wanga."

Sanatembenuke. "Katundu uti, habibi?"

"Kanyimbi wawina."

"Wawinadi. Koma iwe umagwira ntchito pabwalo. Anthu a m'kati saloledwa. Kubetcha kwako n'kosavomerezeka."

"Nthawi yonseyi munkalandira."

"Nthawi yonseyi unkaluza." Anatembenuza kolala n'kupitiriza kusita. "Komanso ophika akuti anakuona ndi botolo kuseri kwa khitchini. Anzako akukudikira panja."

"Bwana, zinazo sungani. Makinawo ndi a mayi anga."

Apa anaimika simbi, n'kundiyang'ana mokoma ngati bambo wondibereka. "Ngati ndakulakwira, kadandaule kupolisi. Ukawauze kuti unabetcha koma sanakulipire. Akakumvera bwino, akakumeta, akakukweza ndege. Amalume ako amene anakubweretsa kuno nawonso akafunsidwa. Ndikuitanire takisi?"

Ndinayang'ana simbi ija. Ndinaganiza zinthu zimene sindinganene pamaso pa a shehe. Munthu wa chilankhulo changa, amene timaika naye maliro amodzi wina akatisiya kuno, ndiye amene anadziwa bwino pondiponda. Ankadziwa kuti m'dziko lino wobetcha alibe pokadandaula, ndipo bizinesi yake yonse inaima pamenepo. Mahatchi anali chokongoletsera chabe. Ine ndinathera nzeru pa mchenga wa pabwalo, osayang'ana manja amene akusunga katundu wanga.

Ndinatuluka chimanjamanja. Panja a Mbewe ndi gulu lawo anandipatsa makofi. Amenewo ndinalandira, ndipo a Mbewe dzanja lanu n'lolemeradi, koma sanandipweteke ngati ketulo ija pa makina a mayi anga.

Loweruka m'mawa amalume anadzanditenga kuti ndikawathandize kunyamula katoni. Njira yonse ndinkapemphera kuti ipite osatsegulidwa, ngati kuti buloko ikafika ku Ntaja isanduka makina. Kuofesi ya kago kunali mzere wa anthu a mitundu yonse. Mnyamata wa pasikelo anatenga mpeni, nati katoni iliyonse amaiona m'kati. Anachotsa nsalu. Anachotsa bulangete. Anafunyulula linalo. Buloko.

Mzere wonse unaseka. Wina anafunsa ngati ku Africa kulibe simenti.

Amalume sanaseke, sanakalipe. Anainyamula buloko ija ndi manja awiri mpaka kugalimoto, anaiika pampando wam'mbuyo, n'kuimanga lamba. Tinakhala m'galimoto injini osaliza, thukuta likutsika m'khosi. Ndinkadikira khofi. Ndinkalifuna, kuti nkhani ithere pomwepo.

"Mayi ako anatsanzika kale pakhonde paja," anatero akuyang'ana kutsogolo. "Anamuuza mwini sitolo kuti makina ake apatse wina. Ndiye ndiwauze chiyani? Kapena uwauza ndiwe. Khadi ya foni ndili nayo."

Anaitulutsa m'thumba, n'kuyamba kupala pa nambala ndi chikhadabo, pang'onopang'ono. Abale anga, ndamvapo phokoso la ziboda, la mathalakitala, la a hedi akundithamangitsa, koma palibe linandilowa m'mafupa ngati kupala kwa chikhadabo chija. M'maganizo ndinaona mayi ataima patelefoni ya kupositi, atavala chitenje chawo chabwino, akudikira kumva tsiku limene makina afika. Ndinawagwira dzanja amalume. Ndinanena zonse, botolo, nsapato, Kanyimbi, ketulo.

Anabwezera khadi ija m'thumba. Kenako anati, "Mutu wakowu umangodziwa kuvutitsa aphunzitsi ndi okolopa? Woyenera kuvutitsidwa weniweni ukumusiya akusita malaya?"

Munthu amene sanaphonyepo swala, kundifunsa ine zimenezo. Ndinawayang'ana, n'kuyang'ananso galimoto imene tinakhalamo, ya abwana awo, yoyera, yaikulu, magalasi akuda oti munthu wa panja saona m'kati. Ndinawafunsa nthawi imene amamaliza kutula ana a bwana.

Chakumadzulo galimoto ija inaima moyang'anizana ndi geti la kampu, injini ikulira, magalasi otseka. Amalume sanachite china chilichonse, anangokhala m'katimo ndi tasibihi, mikanda yawo yopempherera. Ine ndinapita kwa a Mbewe, tsaya likadali lotupa ndi dzanja lawo lomwelo, n'kuwanong'oneza.

"Musauze munthu. Akuti pali wina wakanena za katundu amene amasungidwa m'zipinda muno. Galimoto iyo mwaiona? Ine sindikudziwa kanthu."

Liwu loti polisi sindinalitchule, Mulungu ndi mboni. Koma a Mbewe ukawauza kuti musauze munthu ndiye kuti walengeza pawayilesi. Tiyi asanazizire kampu yonse inali pamawindo. Wina anati waona kamera. Wina anati m'katimo mwadzaza anthu, ndipo mmodzi ali ndi galu. Amalume anatsitsa galasi pang'ono n'kulikwezanso. Mpaka lero amati ankangofuna mpweya.

A Habibi anayamba kuyenda chipinda ndi chipinda, thukuta lili kamukamu, manja odzaza mawotchi. "Achimwene, wotchi yanu iyi. Wayilesi yanu iyi. Inu ndi ine sitidziwana." Kwa ine anafika atakumbatira makina pamimba, akupuma ngati Phulusa pakona.

"Chotsa izi muno, msanga."

"Sindingathe, bwana. Kubetcha kwanga n'kosavomerezeka."

"Rajabu, mwana wanga, chonde."

"Nanga habibi uja wapita kuti?"

"Tenga, ndakupempha. Dzera geti la kumbuyo."

Ndinawauza kuti nsapato zanga zoyera ndizifunanso, sindingayende ndi makina atsopano nditavala patapata. Anathamanga kukazitenga. Ndinavala mosafulumira, ndinamanga zingwe zonse, ndinasenza makina paphewa, n'kulunjika geti la kutsogolo, molunjika pagalimoto paja. Kumbuyo ndinamva wina akuti mwanayu wapenga. Ndinatsegula chitseko. Anatuluka Che Twaibu, kofiya pamutu, n'kumasula lamba wa pampando wam'mbuyo. Anainyamula buloko ija, analowa nayo pageti kampu yonse ikuona, anakaiika pamapazi pa a Habibi.

"Shukran, a Chikopa, potisungira katundu. Iyi tengani. Mwaiwina."

Katoni inanyamuka m'mawa mwake, makina ali m'kati, ndipo tepi ndinamata ndine amalume ataima pamsana panga.

Tsopano za mmene ndikutulukiramo, chifukwa musanamizidwe, njala ya juga sinathe tsiku limenelo. Lachinayi lotsatira zala zinkandinyerenyetsa ngati ndagwira chitedze changa chomwe. Ndiye malipiro akatuluka amapita m'manja mwa amalume, iwo n'kundipatsa ya chakudya ndi khadi ya foni. Ndimadana nazo, ndimanyinyirika mwezi uliwonse, koma zikuyenda. Pezani wanu munthu amene mumamuopa, mum'patse thumba lanu. Osati mnzanu wa m'chipinda, ameneyo mukabetchera limodzi.

Lachinayi masana kukampu sindipezekako. Ndinapempha folomani kuti azindiika pamapaipi mpaka mahatchi ayambe, ndipo anadabwa chifukwa chiyambire sanaonepo munthu wopempha paipi. Nyuzi ndimawerengabe, sindinama. Ndimasankhabe mahatchi anga, koma pa makadi aulere aja amagawa pabwalo, olosera opambana osatulutsa kanthu m'thumba. Mukafuna kudziwa ngati mumaidziwadi nthaka, yesani amenewo. Ine amene ndimaiponda tsiku ndi tsiku ndimaphonya kawirikawiri kuposa kulasa, ndipo ndikaphonya ndimagona nsapato zanga zili pansi pa bedi langa.

Chinanso, imbani kwanu. N'kovuta kupinyolitsa katundu wa munthu amene mawu ake akadali m'khutu mwako.

Koma chimene chandikwiyitsa mpaka kuvomera kuima pano ndi ichi. Ndamva kuti a Habibi atsegulanso, ndipo ena mwa inu mwabwererako ndi mawotchi omwe aja. Ndikukuonani, musaweramitse mitu. Galimoto yoyera ija siibweranso, abwana ake anafunsa za mafuta. Mukagwa ulendo uno mugwa nokha, ndipo tsiku limene mudzawine, mudzawapeza akusita malaya.

Za kupepesa. Kwa mayi ndinapepesa, pa khadi yomwe ija inapalidwa ndi chikhadabo, ndipo anandikalipira mpaka khadi inatha. Kwa amalume ndinapepesa. Kwa a Mbewe ayi. Wotchi ili pamkono panuyo inabwerera chifukwa cha ine, makofi munandipatsa kale, talingana. Chimene sindinakuuzeni n'chakuti kuseri kwa khitchini kuja ndi komwenso amphaka a pakampu amadzithandizira. Munati mukumva fungo la dambo la kwanu.

Malaya ndavalawa afika sabata yatha ndi munthu wochokera ku Balaka. Asoka mayi, pa makina awoawo, pakhonde la nyumba yawo. Kolala ndi yokhota pang'ono, akuti makina atsopano akadali olimba. Koma taonani pachifuwa apa, taonani m'mbali umu. Thumba sanaike ngakhale limodzi. Akuti adzasokerapo akadzamva kwa amalume kuti ndayamba kukhala ndi choikamo.

Amalume, ndamaliza. Tiyi uja abwere. Shuga ndathira ndine, ndiye woyamba kulawa akhale a Mbewe.